Abusa kapena wansembe akapalamula mlandu waukulu: mmene tingakhululukire osakwirira nkhani

Nkhani ikangophulika pa mpingo, kaya abusa agwirira mwana wa mukwaya, kaya bambo mfumu adya ndalama zomangira tchalitchi, kaya mneneri wauza munthu kuti asiye ma ARV mpakana munthuyo watisiya, anthu timagawikana pawiri pompopompo. Ena amati munthu wotereyu Mulungu sangamukhululukire olo atalira misozi ya magazi. Ena nde aja amathamangira kuti tonse ndife ochimwa, musakhudze odzozedwa a Mulungu, tingoipempherera nkhaniyi ithe. Ine mbali zonse ziwirizi zimandiwawa, ndipo ndaona ndi maso angawa anthu okonda Mulungu akusiya kupemphera chifukwa cha mmene akulu ampingo anayendetsera nkhani ngati imeneyi. Nde ndati ndilembeko mmene mpingo, olo inuyo panokha, mungayendere mu nkhani yotereyi osataya chikhulupiriro komanso osamuponda wolakwiridwa uja.

Tisazungulire. Inde, akhoza kukhululukidwa. Pa Marko 3:28-29 Yesu akuti machimo onse a anthu adzakhululukidwa kupatula kunyoza Mzimu Woyera, sanaonjezerepo kuti kupatulanso machimo a anthu ovala kolala. Davide anatenga Bateseba mkazi wa mwini, kenako anakonza zoti mwamuna wake Uriya akafere kunkhondo, chigololo ndi kupha munthu pakamodzi, koma atavomera pamaso pa mneneri Natani anauzidwa kuti Mulungu wachotsa tchimo lake, safa. Anthu ambiri amalekera pamenepo kuwerenga. Pitirizani 2 Samueli 12 yonseyo muone, Natani yemweyo anamuuza kuti lupanga silidzachoka pabanja pake, ndipo mwana uja anamwalira. Davide anakhululukidwa zenizeni, koma zotsatira za tchimolo anazisenza mpaka kumanda.

Apa nde pali phata la nkhani yonseyi. Tikamati "kukhululuka" timaphatikiza zinthu zingapo mu dengu limodzi pamene ndi zosiyana. Pali chikhululukiro cha Mulungu, chimenecho mwini wake ndi Mulungu. Pali cha munthu amene walakwiridwa, mwini wake ndi iyeyo basi, osati akulu ampingo, osati mayi busa, osati amalume ake. Pali nkhani ya udindo, yoti kodi abwererenso pa guwa. Ndipo pali mlandu wa boma, umene eni ake ndi apolisi ndi makhoti. Munthu akakuuzani kuti "abusa analapa kale nde nkhani yatha", mufunseni kuti yatha iti mwa zimenezi? Mukangozolowera kufunsa funso limeneli simupusitsidwanso.

Tsiku loyamba, yambani ndi wolakwiridwa

Chibadwa chathu mumpingo ndi choti nkhani ikamveka timayamba kuganiza za mbiri ya mpingo, anthu akunja atinena bwanji, chopereka chitsika, mayi busa amva bwanji. Imani kaye. Ngati ndi nkhani yogwirira, chinthu choyamba ndi kuchipatala, ndipo pasadutse maola 72 chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa mkati mwa nthawi imeneyi, ndipo akuchipatala amalembanso lipoti limene limadzathandiza kukhoti. Ku Malawi kuno mapolisi ali ndi ofesi ya Victim Support Unit, zipatala zikuluzikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi One Stop Centre komwe adokotala, apolisi ndi aphungu amapezeka malo amodzi, ndipo ngati ndi mwana pali nambala yaulere ya 116 imene mutha kuimba. Kumbukiraninso kuti kuchokera 2017 malamulo akulu a dziko lino amati aliyense amene sanakwane zaka 18 ndi mwana, nde zomati "anali kale namwali, anafuna yekha" zisatuluke pakamwa pa mkhristu.

Musamufunse mwanayo mafunso mobwerezabwereza pagulu la akulu ampingo, musamukumanitse ndi amene wamulakwirayo kuti "agwirane chanza", ndipo musalandire envelopu iliyonse. Ndimakumbukira msonkhano wina wake umene ndinakhalapo kalekale, mtsikana wamng'ono anamukhazika pa mkeka pakati, azibambo pamipando kuzungulira, wolakwayo ali pampando wa khushoni chifukwa ndi mtumiki wa Mulungu, ndipo funso loyamba linali loti iwe unkatani kunyumba kwa abusa madzulo. Ndinakhala chete tsiku limenelo ndipo zimandipwetekabe mpaka lero. Musalole zimenezi zichitike inu mulipo.

Ena adzakutsegulirani Mateyu 18, kuti m'bale wako akakulakwira upite kaye ukamuuze muli awiri. Mau amenewa ndi a Yesu ndithu, koma mu chaputala chomwecho vesi 6 Yesu akuti wolakwitsa mmodzi mwa tiana kunali bwino amumangirire mwala wa mphero mkhosi amuponye mnyanja. Simungatenge vesi 15 kukatumira mwana wa zaka 12 kuti akakambirane pawiri ndi munthu amene wamuononga. Ndipo Aroma 13 ikunena poyera kuti olamulira anapatsidwa lupanga kuti alange ochita zoipa, kutanthauza kuti kupita kupolisi si kupereka mpingo kwa adani ayi, ndi njira imene Baibulo lomwelo likuivomereza. Vesi ija ya pa Salimo 105:15 yoti musakhudze odzozedwa anga ikukamba za Mulungu kuteteza Abrahamu, Isake ndi Yakobo kwa mafumu achilendo pamene anali oyendayenda, si chishango cha munthu wogwirira.

Aimitsidwe kaye, ndipo asasamutsidwe

Pamene kafukufuku akuchitika, mtumikiyo aime kaye pa ntchito. Izi sizikutanthauza kuti mwamuweruza kale, 1 Timoteo 5:19 imachenjeza kuti mkulu asangonenezedwa popanda mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo zoona alipo abusa amene ananamiziridwa chifukwa cha nsanje za mumpingo. Koma kuimitsa kumateteza onse, mboni zimayankhula momasuka, ndipo ngati ali wosalakwa amadzabwerera dzina lake litayera. Vesi yotsatirayo, ya 20, ikuti amene achimwadi adzudzulidwe pamaso pa onse, nde zobisabisazi sizinachokere kwa Paulo.

Dziwani njira ya mpingo wanu. Ku CCAP nkhani ya abusa siithera pa seshoni, imapita ku presbitale ndi ku sinodi. Ku Katolika imapita kwa ambuye episkopi, ndipo kuyambira 2001 milandu ya ansembe yokhudza ana imatumizidwa mpaka ku Rome. Mu 2019 Papa Francis anakhazikitsa lamulo loti wansembe kapena sisitere aliyense akadziwa za nkhanza zotere akanene kwa akuluakulu a mpingo, komanso kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo, nde mukapita kukanena mukuchita zimene mpingo womwewo unalamula. Vuto lalikulu lili ku mipingo ija imene mneneri amene amamutcha "papa" ndi amene anaiyambitsa, ndi mwini malo, ndi mwini akaunti ya kubanki, ndipo bodi yonse ndi azilamu ake. Kumeneko khoswe wakhala pamkhate. Musataye nthawi ndi makomiti, pitani kupolisi, lembani madeti, sungani mameseji a pa WhatsApp ndi malisiti onse.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wanga wonse ndi choti musavomere zomusamutsa. Matenda a mipingo yambiri ndi amenewa, munthu walakwa kuno amutumiza ku mpingo wa kumudzi kutali komwe sakumudziwa, akuti akayambirenso. Ku Boston ku America, wansembe John Geoghan ankangomusuntha parishi iyi kupita parishi ina kwa zaka zambirimbiri ndipo anthu oposa 130 anadzamuneneza kuti anawachita nkhanza ali ana, nkhani itaululika mu 2002 Kadinala Bernard Law anatula pansi udindo. Ku England, John Smyth, loya amene ankatsogolera makampu achikhristu a anyamata, ankawamenya mwankhanza zoopsa, abusa ena a Anglican anadziwa koma anabisa, munthuyo anasamukira ku Zimbabwe mu 1984 nkukapitiriza zomwezo pa ana a ku Africa kuno, anamwalira ku Cape Town mu 2018 asanaimepo pa khoti ku England, ndipo mu November 2024 Justin Welby, mkulu wa mpingo wa Anglican ku Canterbury, anatula pansi udindo chifukwa cha nkhani yomweyi. Amene anabisawo mwina ankaganiza kuti akuchita chifundo. Chifundo chimenecho analipira ndi ana a eni.

Nkhani imene imandisowetsa tulo kwambiri ndi ya ku Rwanda. Mu April 1994, pa nthawi imene anthu a mtundu wa Atutsi ankaphedwa mwaunyinji, Atutsi ambirimbiri anathawira mu tchalitchi cha parishi ya Nyange poganiza kuti mnyumba ya Mulungu sangawaphe. Pa 16 April tchalitchicho chinagumulidwa ndi chigalimoto chokumbira misewu anthu ali momwemo, ndipo anafa osachepera 1,500. Wansembe wa pamalopo, Athanase Seromba, anathawira ku Italy komwe anakapitiriza kuchita Misa pafupi ndi Florence akugwiritsa ntchito dzina lina. Anadzipereka mu 2002, khoti la United Nations ku Arusha ku Tanzania linamupeza wolakwa potengapo mbali pa kuphedwa kwa anthuwo nkumugamula zaka 15 mu 2006, kenako mu 2008 khoti la apilo linakweza chilango kuti akhale kundende moyo wake wonse. Mlandu suwola. Ndipo si Akatolika okha, m'busa wa Seventh-day Adventist Elizaphan Ntakirutimana naye anapezeka wolakwa pa kuphedwa kwa Atutsi ku Arusha komweko mu 2003. Mu March 2017 Papa Francis atakumana ndi Pulezidenti Paul Kagame anapempha chikhululukiro cha Mulungu chifukwa cha machimo a mpingo ndi anthu ake pa nthawi imeneyo, kuphatikizapo ansembe ndi masisitere. Kodi Seromba Mulungu angamukhululukire? Ngati angalape zenizeni, chikhulupiriro changa chikuti inde, olo mtima wanga umanjenjemera ponena zimenezi. Koma palibe munthu wanzeru amene anganene kuti chifukwa cha chimenecho amutsegulire ndende akaimenso pa guwa.

Mungadziwe bwanji kuti kulapako ndi kwenikweni

Mtima wa munthu amauona ndi Mulungu yekha, koma zipatso timaziona tonse. Misozi pa guwa si umboni, munthu wogwidwa aliyense amalira. Ine ndimayang'ana ngati akutchula chimene anachita ndi dzina lake. "Ndinagwa", "satana anandinyenga", "ndinafooka mthupi", mau amenewa ndi ophimba. Wolapa amati ndinaba ndalama za mpingo zokwana mwakuti, ndinamuchita zakuti mwana wa a ujeni, ndipo mlandu ndi wanga ndekha. Akangoyamba zoti mtsikanayo ankavala mosayenera, kapena mayi akunyumba sankandisamala, dziwani kuti ulendo ukadali wautali.

Yang'ananinso ngati akuulula zimene simunazidziwe kapena akungovomera zokhazo zimene wagwidwa nazo. Yang'anani ngati akubweza, Zakeyu pa Luka 19:8 sanangoti pepani, analonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera. Wodya ndalama za mpingo agulitse galimoto abweze, wopweteka mwana alipire chipatala ndi sukulu kudzera mwa anthu ena, popanda kuika kondishoni yoti mlandu uchotsedwe kupolisi. Chachikulu koposa, wolapa zenizeni salimbana ndi chilango. Wachifwamba uja pa mtanda, pa Luka 23:41, ananena yekha kuti ife tikulandira zoyenera zimene tinachita, Yesu anamulonjeza Paradaiso, koma pa mtandapo sanamutsitse. Munthu amene akufunsa kuti ndibwerera liti pa guwa sabata yomweyo imene wagwidwa, akulira udindo, sakulira tchimo.

Kwa abale a Katolika, ndikudziwa pamakhala funso la sakramenti la kulapa. Wansembe wochimwa naye amakalapa kwa wansembe mnzake, ndipo womva kulapayo saloledwa kuulula chilichonse. Koma malamulo a mpingo amafuna kuti wolapayo akhale ndi chisoni chenicheni komanso cholinga chosintha, apo ayi chikhululukirocho sichimugwira, ndipo amaletsa wansembe kukhululukira munthu amene anachimwa naye limodzi tchimo la chiwerewere, akatero chikhululukirocho nchopanda mphamvu pokhapokha munthuyo ali pafupi kufa. Nde zoti wansembe angamuuze mtsikana kuti usadandaule ndikukhululukira ndine ndemwe, limenelo ndi bodza komanso mlandu wina pamwamba.

Nanga kolala abwezeredwe?

Apa ndi pamene timakangana kwambiri. Anthu amati Petro anamukana Yesu katatu koma pa Yohane 21 anauzidwa kuti dyetsa nkhosa zanga. Zoona. Ndipo ine sindikunena kuti m'busa aliyense wolakwa achotsedwe mpaka kalekale, alipo machimo amene munthu atha kukhala pa chilango kwa nthawi, kuthandizidwa, nkubwerera. Koma Petro anakana chifukwa cha mantha a imfa, sanadye nkhosa zimene anapatsidwa kuti aziwete. Munthu amene anagwiritsa ntchito udindo womwewo ngati nyambo yokolera ana kapena azimayi obwera kudzapemphereredwa, kumubwezera udindowo ndi kumubwezera msampha mmanja.

Werengani Ezekieli 44:10-14, ndime imene sindimaimva kawirikawiri ikulalikidwa. Alevi amene anasokeretsa anthu Mulungu sanawataye, anawalola kuti azilondera pa zipata ndi kugwira ntchito zina za mkachisi, koma anati sadzayandikiranso kwa iye ngati ansembe. Mose naye, mnzake wa Mulungu, pa Numeri 20:12 anauzidwa kuti salowetsa anthu mu Kanani. Mpingo wakale unkatsata zofanana, malamulo ake akale amati episkopi, wansembe kapena dikoni wogwidwa ndi chigololo, kulumbira monama kapena kuba achotsedwe pa udindo, koma asadulidwe mu mpingo, chifukwa salanga kawiri pa mlandu umodzi. Mwaona pamenepo? Khomo la chipulumutso lili lotsegula, la ku guwa nde latsekedwa. Masiku athu ano Theodore McCarrick, amene anafika pa ukadinala ku Washington, anachotsedwa unsembe chifukwa cha milandu yogwirira mu February 2019 ali ndi zaka 88. Ubusa si ufulu wobadwa nawo, Yakobo 3:1 akuti aphunzitsi adzaweruzidwa mokhwima kuposa ena.

Musamukakamize wolakwiridwa

Ngati inuyo ndi amene munalakwiridwa, ndikuyankhula nanu mwaulemu wonse. Palibe amene ali ndi mphamvu yokuikirani deti yoti mukhale mutakhululuka. Kukhululuka pena kumatenga zaka, lero mwamva ngati mwamasuka, mawa mwamva nyimbo imene ankakonda kuimbitsa mtima wabwereranso pomwe paja, zimenezo sizikutanthauza kuti ndinu mkhristu woperewera. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera mmanja mwa Mulungu. Sikutanthauza kuti mukachotse mlandu, kapena muzimupatsa moni, kapena mubwerere ku mpingo womwewo. Papa John Paul II anaomberedwa ndi Mehmet Ali Ağca pa 13 May 1981, anamukhululukira, mu December 1983 anapita kukamuona kundende ya Rebibbia nkukhala naye pansi kucheza, koma munthuyo anakhalabe mndende ku Italy mpaka 2000.

Inu a mvano, a mphakati, akulu ampingo, ntchito yanu ndi kumuyendera wolakwiridwayo, kumuperekeza kukhoti, kuletsa miseche. Nthawi zambiri banja lake ndi limene limathawa mpingo chifukwa cha manyazi ndi zonenanena, pamene wolakwa akulandira mabasiketi a zakudya ndi mapemphero a usiku wonse. Muziwerenga kuti kwa abusa mwapitako kangati, nanga kwa mwana uja kangati.

Ubatizo wanu uli bwinobwino

Pali nkhawa ina imene anthu amaopa kuifunsa mokweza, yoti abusa amenewa ndi amene anandibatiza, anadalitsa ukwati wanga, anaika maliro a mayi anga, kodi zonsezo zapita pachabe? Funso limeneli linavutitsa akhristu a ku Africa kuno kalekale. Mu 303 mfumu ya Aroma Diocletian inayamba kuzunza akhristu ndipo atsogoleri ena a mpingo anapereka mabuku oyera kuti aotchedwe pofuna kupulumutsa moyo. Chizunzo chitatha, gulu lina ku Carthage, komwe lero ndi Tunisia, lotsogoleredwa ndi Donatus, linati masakramenti a anthu otere ndi opanda mphamvu, obatizidwa ndi iwo abatizidwenso. Mkangano unatenga zaka pafupifupi 100, mpaka pa msonkhano waukulu wa ku Carthage mu 411. Augustine wa ku Hippo, ku Algeria ya lero, anaphunzitsa kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, mtumiki ndi chida chabe, ndipo Akatolika, Anglican, CCAP ndi mipingo ina yambiri amatsata zimenezi mpaka pano. Nde musathamangire kukabatizidwanso kapena kukayikira ukwati wanu.

Akadzatuluka kundende

Tsiku lina adzatuluka, ndipo ngati walapa mpingo umulandire ngati mkhristu wamba. Kambiranani zinthu zisanafike, ndipo mulembe papepala asainire. Akhale pa benchi ngati wina aliyense, osamuitana kuti abusa, osamupatsa maikolofoni kuti atseke ndi pemphero chifukwa zimayamba choncho pang'onopang'ono. Ngati mlandu unali wa ana, asayandikire Sande sukulu, kwaya ya achinyamata, makampu, ndipo pakhale akulu awiri okhwima maganizo amene aziyenda naye ndi kumufunsa mafunso ovuta. Ngati unali wa ndalama, asagwire mbale ya chopereka olo kiyi wa ofesi. Ngati wolakwiridwa akupempherabe pamenepo, wosamuka akhale wolakwayo, ndipo mpingo umene akupitako uuzidwe zoona zonse mu kalata yosamutsira. Muthandizeni kupeza ntchito ya manja, kulima, ukalipentala, geni, kuti njala isamukankhire kukatsegula tchalitchi chake mu kalasi ya pa sukulu ina.

Mayi busa ndi ana musawaiwale. Nthawi zambiri amachotsedwa mnyumba ya mpingo mwadzidzidzi alibe kolowera, ana akusekedwa kusukulu chifukwa cha mlandu umene sanapalamule. Apatseni miyezi ingapo yokonzekera, athandizeni thiransipoti ndi lendi yoyambira, ndipo anawo apitirize kuimba mukwaya ngati akufuna.